Mlendo Anafunsa, Ine Ndinavomera

Lolemba, 4 Ogasiti

Kwazizira ngati kwathu ku Bembeke. Madzi abwera m'mawa, ndadzaza ndowa zonse ndi dramu. Mtisunge, mwana amene ndimalera, wadya phala theka, theka lina wadzola kumutu.

A Anti Bernadette anandiitanira kuchipinda asanapite ku ofesi. Akuti Lachitatu kubwera mlendo, mtsikana wa ku Amereka, wa pa yunivesite. Akhala nafe masabata ochepa, aziphunzira ntchito ku bungwe la mpingo kumene a Anti amagwira. Dzina lake Melissa. Azigona m'chipinda chosungira masutikesi, ndichikolope bwino.

Kenako anati, "Modesta, ukukumbuka za Sungeni?"

Ndinati eya.

"Za m'nyumba muno zimathera m'nyumba muno."

Sungeni ndi wa kwathu. Ndi amene ankalera Mti ine ndisanabwere kuno ku Kasarani, mu Nairobi. Ankacheza kwambiri pa masitepe ndi atsikana a m'mafulati ena. Tsiku lina nkhani ya m'nyumba inamveka kwa mayi wogulitsa masamba pageti. Anamubweza. Pano kumudzi ana amamutchula kuti Nairobi. Akamapita kuchigayo amamukuwiza, "Nairobi, ndege yakusiya!" Amayi anga pondiperekeza ananena chinthu chimodzi chokha: usakabwezedwe.

Ine sindicheza pa masitepe.

Lachitatu, 6 Ogasiti

A Melissa afika. A Ankolo Vitus anakawatenga ku bwalo la ndege. Ndi aatali, tsitsi lofiirira, nsapato zazikulu ngati za asilikali. Katundu ndi chikwama chimodzi chakumsana basi.

Ndinagwada kuwapatsa moni. Iwo anayang'ana pansi ngati ndagwetsa chinthu, kenako anagwada nawonso kuti andithandize kufunafuna. Tinakhala chogwada tonse awiri, tikuyang'anana. A Ankolo anatulukira pakhonde kukatsokomola.

Akuti ndiziwatchula Melissa basi, popanda "a". Ndayeserera ndekha kubafa. Sizikutuluka.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Chingerezi chawo chimathamanga. Akaona kuti ndatsalira amabwereza pang'onopang'ono, zikavuta amalemba pa foni, foniyo n'kumasulira m'Chichewa. Chichewa chake chili ngati cha wansembe wongofika kumene, koma chimamveka.

Chaka chathachi sanali kwawo. Anali pa sukulu ku Ulaya, dziko la Holland. Nkhani zawo zonse zimayambira kumeneko. Patebulo a Ankolo amafunsa dala kuti aseke, a Anti amandimasulira ndikamachotsa mbale.

Akuti ku Holland ukapita kwa mnzako nthawi ya chakudya chamadzulo, amakuuza kuti ife tsopano tikufuna kudya, pita bwino. A Ankolo anafunsa ngati kuli njala. Akuti ayi, chakudya n'chambiri, koma amaphika cha anthu a m'nyumbamo okha. Ukafuna kukacheza kwa munthu umayamba wapempha tsiku, iye n'kuyang'ana pa kalendala. Ngakhale akhale mayi ako.

Masana amadya buledi wozizira ndi tchizi. Tsiku lililonse. Mabwana omwe amayenda pa njinga yakapalasa, mvula ikugwa.

A Melissa akuti miyezi yoyamba ankalira. Kwawo ku Amereka aliyense amamwetulira, ukafunsa zili bwanji amati zili bwino kwambiri ngakhale nyumba ikupsa. Ku Holland anakameta tsitsi, mnzawo anawayang'ana n'kunena kuti silikukukhala. Anakalirira kuchimbudzi. Koma akuti pambuyo pake anazikonda, chifukwa munthu wa kumeneko akati chabwino ndiye kuti n'chabwinodi. Atapita kwawo pa Khirisimasi, kumwetulira kwa anthu kunkawatopetsa.

A Ankolo anati, "Ndiye kunotu mutopa kwambiri."

Loweruka, 9 Ogasiti

A Melissa atsuka okha mbale yawo. Ndinadikira kuti atuluke, ndinaitsukanso. Kunsi kunali mafuta.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Misa ya Chingerezi. Theka lake ndinali panja ndi Mti, sakhala pansi mwanayu. Titabwerako ndinaphika, ndinasita malaya a sabata yonse.

A Melissa anandipeza ndikusita. Anafunsa kuti tsiku langa lopuma ndi liti. Ndinati ndimapuma Mti akagona. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Akuti ku Holland Lamlungu anthu amangokhala. Ndinafunsa kuti amakhala akudikira chiyani. Akuti palibe.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ndilembe bwinobwino mmene zinayendera.

Ine ndimadyera kukhitchini, pa kampando pafupi ndi furiji. Ndimapakonda pamenepo. Palibe amene amaona kuti ndatenga kangati, palibe za mpeni ndi foloko, ndipo kuseri kwa furiji kumatuluka kampweya kofunda. Ndi nthawi yokhayo imene Mti amakhala pa miyendo ya mayi ake.

Lero a Melissa ananyamula mbale yawo patebulo n'kubwera kudzakhala pansi penipeni, pa simenti. Ndinawapatsa kampando, anakana. Ndinasiya kudya.

Anayamba kufunsa, mawu ofewa, kwina pa foni.

"Kodi umatopa?"

Ndinati eya.

"Kudya wekha kuno kumakuwawa?"

Nkhope yawo inali itakonzeka kale kundimvera chisoni. Munthu wasiya mpando wabwino, wakhala pa simenti yozizira chifukwa cha iwe. Ungamuuze kuti wavutika pachabe? Ndinati eya.

"Kugwada kuja, ukanakonda kusiya?"

Eya.

"Umapukwa kwanu? Ukanakonda kubwerera kwa amayi ako?"

Palibe mwana amene angauze mlendo kuti safuna kuona mayi ake. Eya.

Kwathu mlendo satsutsidwa. Akati kunja kwatentha, iwe uli m'juzi, umati eya kwatenthadi. Mlendo ndi mame. Umavomera, amasangalala, amapita.

Anandigwira dzanja. Anati zikomo pondiuza zoona, anthu ambiri sangalimbe mtima chonchi.

Ndikutsuka mapoto ndinabwerezanso zonse m'mutu kuti ndione ngati ndalakwa. Za a Anti sindinanene. Za a Ankolo sindinanene. Liwu langa linali limodzi lokha.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Akuti ku Holland satseka makatani. Aliyense wodutsa amaona zonse za pabalaza, chifukwa alibe chobisa. Madzulo ndinapeza makatani athu ali otsegula, bambo wa fulati yoyang'anana nafe akutsuka mano pawindo lake. Ndinatseka. A Melissa anatsegulanso. A Anti anatseka.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Anandiperekeza pageti kukagula masamba a sukuma. Mayi wa masamba anawonjezera katsabola kaulere chifukwa cha mzungu. Ine chibwerereni sanandiwonjezerepo.

Pobwerera anati sakudziwanso kuti kwawo n'kuti. Ku Holland ankawanena kuti ndi aphokoso, ku Amereka tsopano amawanena kuti ndi amwano. Ndinawamvera chisoni. Ndinawanyamulira jumbo, analanda.

Lamlungu, 17 Ogasiti



Kamodzi pamwezi Amalawi a kuno amakumana kupemphera ndi kudya limodzi. Mwezi uno kunali ku Utawala, kwa a Francis, amene ndi wapampando. Msewu wake malole okhaokha ndi fumbi. Anthu anali ambiri, Akatolika, a CCAP, onse. Wina wangobwera kumene kumudzi, anabweretsa usipa, anthu anaomba m'manja.

Titadya a Francis anati mlendo wathu atilankhuleko. Mlendo akapatsidwa mpata wotere amati zikomo, chakudya chinakoma, Mulungu akudalitseni, n'kukhala pansi. Aliyense amadziwa. A Melissa sanauzidwe.

Anaimirira ndi kapu ya juwisi m'manja. Anayamba bwino. Za njinga, anthu anaseka. Za buledi wozizira, anaseka mpaka ena kupukuta misozi. Anati ku Ulaya anaphunzira kuti kumuuza munthu zoona pamaso ndi ulemu waukulu. Anthu anati amen.

Kenako ndinamva dzina langa.

Ndinali pakhomo la kukhitchini, Mti ali kumbuyo. Chingerezi chimenecho ndinachimva chonse, sindikudziwa kuti zinatheka bwanji. Anati a Bernadette ndi a Vitus amawakonda kwambiri, n'chifukwa chake akunena. Anati Modesta alibe tsiku lopuma. Amadya yekha pafupi ndi furiji. Amagwada asakufuna. Akufuna kubwerera kwa mayi ake. Anati wandiuza yekha.

Supuni ya winawake inagwa. A Anti ankayang'ana m'mbale yawo ngati mwalembedwa kanthu. Mayi wina anayambitsa kolasi, anthu anailandira mwamphamvu, mavesi onse, n'kubwerezanso. A Melissa anaomba nawo m'manja.

Kukhitchini mayi wina anandinong'oneza, "Mwana iwe, mutu ukuyenda bwino?" Wina anati, "Musiyeni, mwinatu n'zoona." Mnzake anamugunda ndi chigongono.

M'galimoto a Melissa anati kunali kosangalatsa. A Ankolo anakweza wailesi mpaka ku Kasarani.

Lolemba, 18 Ogasiti

"Mwadzuka bwanji, a Modesta?"

Ndi a Anti amenewo. Chibwerereni amanditchula kuti iwe. Tiyi anapanga okha, kapu anatsuka okha.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

A Anti anandiitana asanapite ku ofesi. Anali akuvala ndolo, akuyang'ana pa galasi.

"A Modesta, ife sitisunga munthu mokakamiza. A Sylvester a ku ofesi kwathu akupita ku Lilongwe Loweruka pa galimoto ya bungwe, kudzera ku Tanzania. Malo alipo. Mukonzeke."

Ndinali chogwada. M'mutu munali mawu ambiri. Pakamwa panatuluka chimene chimatuluka nthawi zonse.

"Eya."

Madzulo a Melissa atamva anandikumbatira mpaka kundinyamula. "Ukupita kwa amayi ako!" Anati akusangalala kuti anathandizako.

Amayi anga sindinawaimbire. Ana aja adzanditchula chiyani? Dzina la Nairobi lili kale ndi mwini wake.

Mti wayamba kunena Deta. Ndiye kuti ine.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Zovala timayanika pamwamba pa fulati. Pamenepo umaona sitediyamu yonse ndi magalimoto a pa Thika Road ngati nyerere. Ndinapita ndi beseni m'mawa. Ndinayeserera kaye zonena zanga pa nsalu zofunda pabedi, ndikuziyang'ana ngati ndi munthu.

A Melissa lero amalowa ntchito masana. Anakwera kudzandithandiza. Ndinadikira atembenuke, chifukwa pamaso sindikanatha.

Ndinati, "A Melissa, ayi."

Anati ayi chiyani.

Ndinapempha foni yawo. Ndinapukuta manja pa chitenje, ndinalemba chilembo chimodzichimodzi. Sindikufuna kupita kwathu. Kukhitchini ndimakukonda. Kugwada sikundiwawa, ndimagwadiranso amayi anga. Ndinalembanso za Sungeni ndi ana a kuchigayo.

Anawerenga. Khosi linafiira kukwera mpaka m'makutu.

"Nanga unaneneranji eya?"

"Munafunsa. Ndinu mlendo."

"Koma ndinkafuna zoona!"

"Munkafuna eya."

Ndinachita mantha nditanena zimenezo. Iwo anakhala pa ndowa yovundikira. Anati, "Ku Holland," kenako anasiya. Chibwerereni ndi koyamba nkhani ya ku Holland kusatha.

Mwadzidzidzi anadzambatuka. Akuti akupita ku ofesi pompano kukawauza a Bernadette zonse, ndiponso alembera Amalawi onse pa gulu la pa foni kuti analakwitsa.

Ndinati ayi. Wachiwiriyu sanavute.

"Ndiye ndichite chiyani?"

Ndinawapatsa masokisi a a Ankolo. Anayanika onse, ena mozondoka. Sindinawakonze. Atatsika ndinawakonza.

Lachinayi, 21 Ogasiti

A Anti akupita ku saluni mawa, ndiye mameshi amayenera kumasulidwa lero. Nthawi zonse ndimawamasula ndine. Lero ataweruka anayamba okha pabalaza. Anamasula a kutsogolo, a kumbuyo manja anatopa.

"A Modesta, ngati muli ndi mpata."

Anakhala pansi pa khushoni, ine pa mpando kumbuyo kwawo ndi chipeso chamchira. Munthu ukamamumasula tsitsi samakuona. Umangoona mizere ya pamutu. Ndinamasula mzere woyamba wonse ndisanatsegule pakamwa.

"Anti, sindikufuna kupita."

Ndinapitiriza kumasula.

"Za m'nyumba sindinanene. Ankafunsa, ine ndinkangovomera."

"Unkavomereranji?"

"Ndi mlendo."

Mapewa awo anagwedezeka pang'ono. Sindinadziwe ngati ndi kuseka kapena mkwiyo.

"Ukudziwa mmene anthu aja akundionera? Mkazi wa a Francis wandiimbira, akuti akundipempherera. Ine Bernadette, kundipempherera ngati ndimasunga kapolo."

"Pepani, Anti."

"Ndiye zonse zija zinali zabodza?"

Pamenepa eya akanatha nkhani yonse. Anali kale pa lilime. Koma anandifunsa ndi a Anti, si mlendo, ndipo ndinaona kuti ndikanama lero ndiye kuti ndasankha ndekha. Ndinayankha chimodzichimodzi.

"Zopita kwathu, zabodza. Zakukhitchini, zabodza. Zogwada, zabodza."

"Nanga zotopa?"

Chipeso chinakola pa mfundo. Ndinaimasula pang'onopang'ono.

"Zimenezo n'zoona, Anti."

Wailesi yakanema inkanena za mpira. Mti ankamenya supuni pa tebulo. Ndinaganiza kuti basi, ndadzibweza ndekha.

Patapita nthawi anati, "Ukundikoka tsitsi."

Ndinamaliza. Ndinasesa mameshi akale, ndinakataya. Chikwama changa ndalongedza, chili kunsi kwa bedi.

Lachisanu, 22 Ogasiti

M'mawa palibe chimene chinanenedwa. Masana ndinachapa zovala zonse za Mti kuti wobwera m'malo mwanga asadzavutike.

Madzulo a Melissa anagogoda kuchipinda kwa a Anti. Anatseka chitseko. Sindinamvetsere, koma khoma la fulati ndi lopyapyala. A Melissa ankalira. A Anti anati, "Mwana wanga, zoona nafenso timanena. Koma osati pamaso pa a Francis, anthu usipa uli m'kamwa."

Atatuluka, a Anti anaima pakhomo la kukhitchini n'kuimba foni mokweza, ngati amene akumuimbirayo ndi wogontha.

"A Sylvester, malo aja apatseni ena. Eya. Zasintha."

Anadula. Anatsegula poto, anayang'anamo, anatseka.

"Iwe Modesta, nyembazi wathira mchere?"

Ndinati eya. Ndinali nditathiradi.

Loweruka, 23 Ogasiti

A Melissa apita. Masiku awo anatha, sukulu ikutsegulira kwawo.

Anandipatsa juzi yawo yobiriwira, manja ake amafika m'mawondo. Anati ku Amereka amanena zabwino zokhazokha, ku Holland amanena zonse, kuno sanamvetse kuti timanena liti. A Ankolo anati ngakhale iwo, ndi zaka zonsezi m'banja, sanamvetsebe.

Ndinawaperekeza mpaka pageti. Ndinafuna kuwauza chinthu chabwino choti apite nacho. Ndinawayang'ana bwinobwino, masaya adzaza poyerekeza ndi mmene anabwerera. Ndinanena m'Chingerezi changa kuti mwanenepa.

Anatsegula pakamwa. Kenako anaseka mpaka kugwira geti. Akuti zimenezo ndiye za ku Holland zenizeni. Ine ndinkawayamikira. Ndinkayamikiranso kuphika kwanga.

Chipinda chabwerera kwa masutikesi.

Lamlungu, 24 Ogasiti

Titachoka ku Misa ndinapita kukatenga simbi yositira. A Anti anati ndiisiye. Anamuchotsa Mti kumbuyo kwanga n'kumuika pa chiuno chawo.

"Lamlungu masana ndi ako. Ubwere dzuwa lisanalowe."

Ndinafunsa kuti ndipite kuti.

"Zimenezonso ndikuuze ndine?"

Ndinavala diresi ya buluu. Ndinaima kaye kuchipinda, ndinakhala pa bedi, ndinaimanso. Mti ankalira Deta, Deta. A Ankolo anati ndituluke msanga asanasinthe maganizo onse awiri.

Mlonda wa pageti anafunsa m'Chiswahili kuti mwana ali kuti. Ndinaloza m'mwamba. Kumsana kunkazizira, manja sankadziwa chogwira.

Kuno ndimadziwa kutchalitchi, kwa mayi wa masamba ndi ku chipatala cha ana. Ndinayenda mpaka pa siteji. A boda, akabaza a njinga zamoto, ankandiitana, ndinapukusa mutu. Matatu, minibasi ya kuno, inaima, yojambulidwa paliponse, nyimbo zikugunda mpaka m'mimba. Kondakitala ankamenya chitseko akuitanira opita ku tauni, "Tao, tao!" Ndinakwera. Ndinapeza mpando wa pawindo.

Anabwera kudzafunsa kumene ndikupita, "Wapi?"

Ndimamva anthu akunena mwisho akafuna kukatsikira komalizira. Ndinati, "Mwisho." Anagwedeza mutu n'kupita kwa wina.

Ndikulembera pa bondo. Tadutsa sitediyamu, tadutsa mlatho, kuno sindinafikeko. Galimoto ikugwedezeka, zilembo zikutuluka pa mzere. Sindifufuta.